Kilachi ya mafuta ikayamba kuvuta pa njinga yamoto: mafunso ndi mayankho

Njinga zamoto zambiri zimene timakwera ku Malawi kuno, makamaka za kabaza, kilachi yake imakokedwa ndi kebulo. Makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa bwino: ikauma amaithira oyilo, ikaduka amagula ina. Koma m'misewu yathu momwemu mumadutsanso njinga zikuluzikulu za ku Japan, Germany, Austria ndi Italy, zina zobwera ndi abale ochokera ku Joni, zina za alendo oyenda mtunda wautali, ndipo zambiri mwa izo zilibe kebulo ya kilachi. Kilachi yake imakankhidwa ndi mafuta. Kunja imaoneka ngati mabuleki a kutsogolo, mpaka anthu ambiri amaisamalira ngati mabuleki, ndipo mavuto ochuluka amayambira pomwepo.

Kodi kilachi ya mafuta imagwira ntchito bwanji?

Pa handulo ya kumanzere pali liva, ndipo pafupi nayo pali kathanki kakang'ono ka mafuta. Pansi pa kathankiko pali master cylinder, mmene muli pisitoni yaing'ono. Mukakoka liva, pisitoniyo imakankha mafuta kudzera m'paipi yotsikira ku injini, kukafika pa slave cylinder, mmene muli pisitoni yokulirapo. Iyo nayo imakankha kachitsulo kakatali kotchedwa pushrod, kamene kamakalekanitsa mapuleti a kilachi polimbana ndi masipuling'i. Mukasiya liva, masipuling'iwo amapanikizanso mapuleti, ndipo mafuta amabwerera kumtunda.

Chinsinsi chake n'chakuti mafuta safinyika. Mphamvu imene mwaika mbali ina imakafika mbali inayo, monga anafotokozera katswiri wa ku France, Blaise Pascal, m'zaka za m'ma 1600. Popeza pisitoni ya pansi ndi yaikulu kuposa ya pamwamba, mphamvu ya zala zanu imachulukitsidwa, koma mtunda umene pisitoni ya pansiyo imayenda umachepa, mamilimita awiri kapena atatu basi. Musaiwale kuchepa kwa mtundawu. Mpweya umafinyika, choncho kathovu kamodzi kokha kakakhala m'paipi kamadya gawo lalikulu la mamilimita ochepawo, mapuleti osalekana mokwanira.

Nanga imafuna kukungidwa ngati ya kebulo?

Ayi. Imadzikonza yokha pamene mapuleti akudyeka. Kagudumu ka manambala kamene kamakhala pa liva za njinga zina kamangosendeza liva kufupi kapena kutali ndi handulo, kuti igwirizane ndi kukula kwa dzanja lanu.

Ndithiremo mafuta anji?

Pa mafunso onse, ili ndi limene ndimafuna aliyense alimvetse, chifukwa kulakwitsa kwake kumawononga ndalama zambiri pa kamphindi kochepa. Mafuta a kilachi alipo a mitundu iwiri yosagwirizana. Wina ndi omwe aja a mabuleki, olembedwa DOT 4 kapena DOT 5.1. Wina ndi mineral oil, amene amachokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Njinga monga Honda VFR, Yamaha FJR1300, Suzuki Hayabusa ndi Ducati zambiri zimafuna DOT 4. Pa KTM zimadalira amene anapanga master cylinder: za Brembo zimafuna DOT, pamene zambiri za Magura zimafuna mineral oil. Ngakhale dzina la kampani silingakutsogolereni. BMW R 1150 GS inkagwiritsa ntchito DOT 4 ku kilachi, koma R 1200 GS imene inalowa m'malo mwake mu 2004 imafuna mineral oil, chonsecho mabuleki ake akufunabe DOT 4. Njinga imodzi, matanki awiri ofanana pa handulo, mafuta osiyana.

Chifukwa chake ndi raba. Masilu a m'kati mwa kilachi ya DOT amapangidwa ndi raba imene imatupa ndi kufewa ikakhudzana ndi mineral oil. Masilu a kilachi ya mineral oil nawo amawonongeka akakumana ndi DOT. Sizichitika nthawi yomweyo, n'chifukwa chake wothirayo amaganiza kuti wachita bwino. Pakapita masiku liva imayamba kubwerera mozengereza, kenako imakakamira kapena kugwera pa handulo. Zikafika apo, kungotsuka sikukwanira. Masilu onse a pamwamba ndi a pansi ayenera kusinthidwa, ndipo paipi nayo iyenera kutsukidwa bwino kapena kugulidwa ina.

Yankho limalembedwa pa chivundikiro cha kathanki. Pukutani fumbi muwerenge. Ngati zilembo zinafufutika ndipo buku la njinga mulibe, tengani dontho la mafuta ali m'kathankimo mulidonthezere m'kapu ya madzi. DOT 4 amasungunuka ndi kusakanikirana ndi madziwo, pamene mineral oil amayandama pamwamba ngati mafuta ophikira. Mtundu wa mafuta, kaya ndi ofiira, obiriwira kapena achikasu, musaukhulupirire, chifukwa kampani iliyonse imaika utoto wake.

Chenjezo lina ndi la DOT 5. Dzinali limaoneka ngati mbale wake wa DOT 5.1, koma si pachibale. DOT 5 ndi wa silicone, kawirikawiri amakhala wa mtundu wa pepo, ndipo sasakanikirana ndi DOT 3, DOT 4 kapena DOT 5.1.

Mafuta sakutha, kilachi ikugwira. Ndiwasinthirenji?

Mafuta a DOT amakoka chinyezi cha mumpweya, ngakhale chivundikiro chitatsekedwa bwino. Chinyezicho chimalowa pang'onopang'ono kudzera mu raba, ndipo nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, komanso kutsuka njinga ndi madzi othamanga, zimawonjezera. Muyezo wa boma la America, kumene dzina loti DOT linachokera, umati DOT 4 watsopano asawire asanafike madigiri 230, koma amene wamwa madzi amaloledwa kutsika mpaka 155. Ku kilachi kutentha sikufika pa kwa mabuleki, komabe slave cylinder imamangidwa pa injini penipeni, ndipo imaphikidwa tsiku lonse. Choopsa kwambiri ndi dzimbiri. Madzi aja amadya khoma la aluminiyamu la m'kati mwa silinda, khomalo limakhala lokhakhala, ndipo limayamba kupala silu nthawi iliyonse pisitoni ikayenda.

Mudzaona kuti mafuta a kilachi amada msanga kuposa a mabuleki. Zimenezi zisakudabwitseni. Liva ya kilachi imakokedwa kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse imayenda mpaka kumapeto, choncho tizidutswa ta raba ndi ta chitsulo timasakanikirana ndi mafutawo. Akada ngati tiyi wopanda mkaka, nthawi yakwana. Makampani ambiri amati zaka ziwiri zilizonse. Ine ndimaona kuti pa njinga yoyenda m'fumbi ndi m'matope, kusintha chaka ndi chaka si kuwononga, poti mafuta ofunika ndi ochepa kwambiri, osadzadza ngakhale kapu. Mineral oil sakoka chinyezi ndipo amakhalitsa, koma nawo amada ndipo amafuna kusinthidwa.

Gulani botolo laling'ono lomata. Botolo lotsegulidwa kalekale lamwa kale madzi, ndipo mafuta ogulitsidwa mopungulira simungadziwe chimene chili m'kati mwake. Otsala musawaike m'botolo la zakumwa. Mafuta a DOT ndi poizoni, ndipo mwana sangadziwe.

Giya ikuvuta kulowa, neutral sikupezeka, ndipo njinga ikufuna kuyenda nditakoka liva. Vuto lili pati?

Apa kilachi sikumasula mokwanira. Musanatsegule injini, yesani zinthu ziwiri zosalira ndalama. Choyamba, popani liva mofulumira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kenako muigwire n'kulowetsa giya. Ikalowa bwino, m'paipi muli mpweya, kapena silu ya pamwamba yayamba kutopa. Chachiwiri, injini ikulira, lowetsani giya yoyamba, gwirani liva ndi buleki, mudikire theka la mphindi. Njinga ikayamba bwino koma pakapita timasekondi n'kuyamba kukoka kapena kufuna kuzima, ndiye kuti mafuta akuzemba m'mbali mwa silu pamene liva ili chigwirire. Silu yotero imafuna kusinthidwa. Kutulutsa mpweya kungokupatsani mpumulo wa masiku ochepa.

Zonsezi zikakhala bwino koma njinga ikukwawabe, vuto lasamukira m'kati mwa injini: mapuleti achitsulo opindika chifukwa cha kutentha, kapena basiketi ya kilachi imene yakumbika timizere moti mapuleti akukodwamo. M'mawa wozizira, ngati wa mu Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu, kilachi yonyowa, ya mapuleti osambira mu oyilo wa injini, imagunda pang'ono polowetsa giya yoyamba chifukwa oyilo wa injini ndi wolemera ndipo wamata mapuleti. Injini ikatentha zimatha zokha, ndipo limenelo si vuto.

Nanga ngati injini ikulira kwambiri koma liwiro silikuwonjezeka?

Kumeneko ndi kuterereka kwa kilachi. Mumakumva bwino mukakhala mu giya yapamwamba n'kutsegula mafuta mwadzidzidzi, kapena pokwera phiri mutanyamula munthu. Ambiri amathamangira kugula mapuleti, ndipo nthawi zina amakhala akulondola. Koma pa kilachi ya mafuta pali zinthu zina zoyenera kuziona kaye, ndipo apa ndi pamene imasiyana kotheratu ndi mabuleki.

Choyamba ndi kuchuluka kwa mafuta. Mabuleki akamadyeka, mafuta m'kathanki amatsika. Mapuleti a kilachi akamadyeka, pa njinga zambiri mafuta amakwera. Mapuleti akapyapyala, pushrod imakankhira pisitoni ya pansi kumbuyo, ndipo mafuta amene anali kumbuyo kwake amathawira kumtunda. Munthu wozolowera mabuleki amadzadza kathanki mpaka pakamwa poganiza kuti akuchita zabwino. Pakapita miyezi, mafuta amasowa kopita. Injini ikatentha amafufuma, amakankha pisitoni ya pansi ngati kuti wina wagwira liva pang'ono, ndipo kilachi imaterereka. Ikaterereka imatentha, ikatentha mafuta amafufumanso. Mapuleti abwinobwino amapsa chifukwa cha supuni imodzi ya mafuta owonjezera. Siyani mpata pamwamba. Mabuku a KTM zambiri za m'thengo amati mafuta alekeze mamilimita 4 pansi pa mlomo wa kathanki, ndipo njinga zina zili ndi mzere kapena kazenera koonerapo.

Chachiwiri ndi kabowo kakang'ono kwambiri ka pansi pa kathanki, kamene mafuta amabwererapo liva ikamasulidwa. N'kochepa ngati nsonga ya singano, ndipo litsiro la mafuta akale limakatseka mosavuta. Kamathanso kutsekedwa ndi pisitoni imene sikubwerera mpaka kumapeto, kaya chifukwa cha silu yotupa, kaya chifukwa cha liva yogula pambali imene sinapangidwe molingana ndipo ikukankha pisitoni nthawi zonse. Njinga ikagwa n'kuthyola liva, mukaika ina, kenako kilachi n'kuyamba kuterereka, musakayang'ane kutali. Kuyesa kwake n'kosavuta: pamene kilachi ikuterereka, imani, zimitsani injini, tsegulani pang'ono kabauti kotulutsira mpweya ka pa slave cylinder osagwira liva. Mafuta akatumphuka mwamphamvu, kilachi n'kuyambanso kugwira, mphamvu inatsekeredwa m'paipi, ndipo mapuleti alibe mlandu.

Chachitatu ndi oyilo wa injini. Pa njinga zambiri mapuleti amasambira mu oyilo yemweyo wa injini. Oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala ochepetsa kukhulana kwa zitsulo, amene ndi abwino ku injini koma amatereretsa kilachi. Yang'anani chizindikiro cha JASO MA kapena MA2 pa botolo.

Mafuta akuchepa m'kathanki koma pansi sipakudontha kanthu. Akupita kuti?

Yambirani kumtunda. Tukulani karaba kophimba pamene liva imakankha pisitoni. Mukapeza ponyowa kapena penti wotupa, silu ya master cylinder yatha. Tsatirani paipi ndi chala, makamaka pamene imapindika handulo ikatembenuka, ndi pa mabauti a kumapeto kwake.

Koma wokayikitsa wamkulu ndi slave cylinder. Pa njinga zambiri imakhala pafupi ndi sipuloketi ya kutsogolo, pamene tcheni chimaponyera girisi, mchenga ndi matope. Phala limenelo limamatirira pa pushrod, limalowa m'kati, n'kumadya silu. Mafuta otayika amasakanikirana ndi litsiro lomwelo kuseri kwa chivundikiro cha sipuloketi, ndiye simuwaona. Pa njinga zina, monga KTM zambiri, slave cylinder imayang'ana m'kati mwa injini, ndipo mafuta otayikawo amagwera mu oyilo. Zikatero, mukasintha silu musinthenso oyilo. Pa BMW za injini yotambalala zopangidwa chaka cha 2013 chisanafike, kilachi ndi youma, ngati ya galimoto. Mafuta akatsata pushrod n'kukanyowetsa puleti, ntchito yake ndi yogawa njinga pakati kuti mufike pa kilachi. Kathanki kotsika pa njinga yotero si kongowonjezera mafuta n'kumapita.

Nthawi iliyonse mukatsuka tcheni, chotsaninso chivundikirocho mupale phala lija. Mukachotsa slave cylinder pa injini, musakoke liva, chifukwa pisitoni idzatuluka yonse ndipo mafuta adzatayika.

Mpweya ndingautulutse bwanji?

Amakaniko amati kubulida. Imikani njinga mowongoka, tembenuzani handulo mpaka kathanki kakhale chathyathyathya, ndipo phimbani thanki ya petulo ndi nsalu yonyowa, chifukwa DOT amadya penti. Akadontha, thirani madzi ambiri nthawi yomweyo. Timasikuluu ta pachivundikiro n'tofewa, choncho gwiritsani ntchito sikuludiraiva yolowa bwino ndipo muitsindire kwambiri. Yamwani mafuta akale ndi jakisoni watsopano wopanda singano, pukutani matope a pansi ndi nsalu yoyera yosathothoka, ndipo thirani atsopano.

Pa slave cylinder pali kabauti kokhala ndi bowo, kawirikawiri ka sipanala ya 8. Lowetsanipo kapaipi koonekera m'kati, mapeto ake muwaike m'botolo. Kokani liva pang'onopang'ono, muigwire, tsegulani kabauti pang'ono, mafuta atuluke, tsekani, kenako musiye liva. Kutseka kumayamba, kusiya liva kumabwera pambuyo. Mukasinthanitsa, mwayamwa mpweya wina. Bwerezani mpaka mafuta otuluka akhale oyera, opanda thovu, ndipo diso lina likhale pa kathanki. Ndi kakang'ono, kamauma mukangopopa kangapo, ndipo kakauma mwayambanso poyambirira.

Njira imene ine ndimaikonda, makamaka paipi ikakhala kuti inaumiratu, ndi yokankha mafuta kuchokera pansi. Dzadzani jakisoni wamkulu ndi mafuta atsopano, tulutsani mpweya wonse mu jakisoniyo ndi m'kapaipi, lumikizani pa kabauti kaja, tsegulani, n'kukankha mofatsa osagwira liva. Mafuta amakwera, akutenga thovu kupita nalo kumene mpweya umafuna kupita mwachibadwa, kumwamba. Wina aime pa kathanki azichotsa osefukira. Jakisoni wa DOT akhale wa DOT yekha, wa mineral oil akhalenso payekha.

Thovu louma mutu limakonda kubisala pa bauti ya pamwamba, pamene paipi imalumikizana ndi master cylinder. Tembenuzani handulo kuti kathanki kakhale pamwamba pa zonse, gogodani paipi ndi chogwirira cha sikuludiraiva, n'kumagwedeza liva pang'onopang'ono, sentimita imodzi yokha. Mudzaona tithovu tikutuluka pa kabowo kaja. Mukamasula bauti imeneyo, ikani mawasha atsopano a kopa kapena aluminiyamu, poti akale anaphwanyika kale ndipo samatanso bwino. Pomaliza bwezerani raba ya pansi pa chivundikiro m'mapindidwe ake, ndipo kabauti kotulutsira mpweya musakamange ngati nati ya tayala, kamathyoka msanga.

Ndabulida kambirimbiri koma liva sikulimba. Ndalakwitsa pati?

Mwina simunalakwitse paliponse. Liva ya buleki imalimba n'kuima chifukwa mapadi afika pa chitsulo. Liva ya kilachi siima. Imayenda mpaka kukhudza handulo, chifukwa chimene ikukankha ndi masipuling'i. Ndaonapo munthu akutha botolo lonse posaka kulimba kumene sikungabwere. Chizindikiro cha ntchito yabwino ndi chakuti kulemera kumayamba liva ikangoyenda pang'ono, kumakhala kofanana mpaka kumapeto, giya yoyamba imalowa njinga osadumpha, ndipo neutral imapezeka injini ikulira.

Kilachi ikafera panjira, kutali ndi tauni, ndingatani?

Yambani ndi kupopa liva musanasinthe giya. Nthawi zambiri zimakufikitsani. Onani kathanki. Ngati kauma, thirani mafuta oyenera ndipo gwedezani liva mpaka thovu lichepe. DOT 4 amapezeka pafupifupi paliponse pogulitsa petulo kapena zipangizo za galimoto, ndipo DOT 3 angathe kukuthandizani kufika kunyumba. Mineral oil wa kilachi ndiye wosowa, choncho mwini njinga yotero aziyenda ndi kabotolo kake. Zikavutitsitsa, oyilo wopepuka wa mafoloko a kutsogolo angagwire ntchito pa kilachi ya mineral oil yokha, ndipo mukafika muwachotse. Mafuta ophikira ayi.

Ikakanirathu, njinga imathabe kuyenda. Lizani injini ili pa neutral, ikankheni kapena itsetseretseni mpaka ithamange pang'ono, kwerani, n'kuponda giya yoyamba. Pokweza magiya, ikani phazi pansi pa chopondera mochikankha pang'ono, bwezani mafuta mwachangu, giya idzalowa yokha. Poima, fufuzani neutral njinga isanaime. Izi n'zothandiza pa msewu wopanda anthu ambiri. M'kati mwa Limbe kapena pa depoti ya Lilongwe masana, pamene muyenera kuima mwadzidzidzi mphindi iliyonse, ndi bwino kuikweza pa galimoto.

Njinga yanga ya kabaza ndi ya kebulo. Ndiisinthe ikhale ya mafuta?

Zipangizo zosinthira zilipo. Magura imapanga zake zotchedwa Hymec, ndipo palinso zotchipa zosadziwika kochokera. Pa njinga yolemera, ya masipuling'i olimba, kusinthako kumapepuza dzanja. Pa njinga ya 100 kapena 150cc sindikuona phindu lake. Kilachi yake ndi yopepuka kale, kebulo imapezeka pa msika uliwonse, ndipo ikaduka ku Jenda kapena ku Nsanje mumaisintha pa mphindi zochepa, pamene silu ya chipangizo chachilendo mungaidikire milungu. Ngati liva ikulemera, chotsani kebuloyo muione ngati yayamba kuthothoka, ithireni oyilo, onetsetsani kuti sinapindike mwamphamvu pansi pa thanki, pakani girisi pa bauti ya liva, ndipo siyani mpata wa mamilimita awiri kapena atatu liva isanayambe kukoka.